Msipu Womera Popanda Dothi: Tiyambe Tawerenga Mbewu

Pakati pa nzeru zatsopano zimene zikufika kwa alimi a ziweto masiku ano, zina pa wailesi, zina m'misonkhano ya mabungwe, zina pa lamya za m'manja, palibe imene ikukopa maso koposa iyi yomeretsa msipu m'mathireyi popanda dothi, imene ophunzira amaitcha hydroponics. Pakuti munthu amene chaka ndi chaka amapenya ng'ombe yake ikuwonda m'mwezi wa Okutobala, nthiti zonse zili pamtunda, mkaka utatsika m'chidebe, akaona msipu wobiriwira biriwiri ukutuluka m'kanyumba ka nsungwi pakati pa chilimwe, patangopita sabata imodzi chifesereni, sangachitire mwina koma kuyesa kuti chipulumutso cha khola lake chafika. Ine sindili m'gulu la iwo amene amanyoza chinthu chifukwa n'chachilendo, popeza akuluakulu anatiuza kale kuti mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Koma kalumo kameneka ndifuna tiyambe takayesa pa tsitsi lathu, tisanataye lumo limene tili nalo.

Kachitidwe kake si kovuta, ndipo amene sanaonepo ayenera kumva. Mlimi amatenga mbewu, balere kumaiko kumene amalimidwa, kapena chimanga, tirigu ndi zina zotere, nazipeta, nazitsuka, nataya zonse zoyandama, kenaka n'kuzinyika m'madzi usiku umodzi kapena tsiku lathunthu. Akazivuula amazikulunga m'chiguduli chonyowa kufikira timizu toyera titayamba kusuzumira, ndipo pamenepo amaziyala mosaunjika m'mathireyi oboola kunsi, nasanja mathireyiwo pa thandala mopendekeka pang'ono kuti madzi asaime. Chotsala ndi kuwaza madzi katatu kapena kanayi pa tsiku, ngakhale koposa pamenepo kukatentha. Tsiku lachitatu pamatuluka tinsonga totuwa, lachisanu tasanduka masamba, ndipo pofika tsiku la 7 kapena la 8 msipu watalika masentimita 20 kapena kupitirirapo, mizu italukana kunsi, yoyera ndi yolimba kotero kuti munthu amanyamula zonse pamodzi osagwetsa kambewu n'kamodzi komwe, naziduladula ndi chikwanje, nakaponya modyera ziweto. Ndipo ng'ombe imadya zonse, masamba, mizu ndi makoko omwe. Kilogalamu imodzi ya balere imatulutsa msipu wolemera makilogalamu 6 kapena 7, chimanga chimaperewera pang'ono, ndipo madzi olowapo ndi malita awiri kapena atatu okha pa kilogalamu iliyonse ya msipu, pamene udzu wa m'munda wothirira umamwa ochuluka koposa pamenepo kutalitali. Nzeruyi si ya dzulo ayi. William Gericke wa ku University of California ndiye anatchukitsa ulimi wa m'madzi m'zaka za m'ma 1930, ndipo chiyambire nthawi imeneyo makina omeretsera msipu akhala akugulitsidwa kwa oweta a ku America, ku Ulaya ndi ku Australia, mbiri yake ikubuka chilala chikakula, nizilala mvula ikabwerera.

Tsono nayi mfundo imene ogulitsa mathireyi sakonda kuitchula. Makilogalamu 7 aja, ochuluka mwa iwo ndi madzi. Pa magawo 100 a msipu womeretsedwa chotere, magawo 85 kufikira 90 ndi madzi, pamene m'mbewu youma ya m'nkhokwe madzi ndi magawo 10 kapena kuposerapo pang'ono. Chotero munthu akatenga msipu wonse wochokera m'kilogalamu imodzi ya mbewu, nauyanika kufikira utauma gwa, nauikanso pa sikelo, adzapeza kuti chakudya chenicheni chimene chatsala sichifikanso pa muyeso umene unalowa, koma chaperewera, nthawi zina ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Chifukwa chake n'chodziwikiratu: mbewu ikamamera imapuma, ndipo popuma imadya ufa wake womwe, pomwe tsamba la sabata imodzi, lokulira pamthunzi, silinayambe n'komwe kubweza kuchokera ku dzuwa chimene mbewuyo yawononga. Amayi athu ofulula thobwa akuzidziwa izi kuyambira kale, ngakhale sanazilembe m'buku. Pakuti iwo akanyika mawere kapena chimanga kuti apange chimera, nachifunditsa masamba kufikira chitamera, nachiyanika pamphasa, amadziwa kuti chimeracho chatsekemera koma chapepuka, ndipo palibe mayi amene anameretsapo chimanga pofuna kuti ufa uchuluke.

Ogulitsa mathireyi aja adzatiyankha kuti zakudya zomanga thupi zimachuluka m'msipu umenewu, ndipo akatswiri akaupima amapezadi kuti gawo lake lakwera. Koma lakwera chifukwa ufa watsika. Ngati m'madzi othirirawo simunasungunulidwe feteleza, palibe khomo limene zomanga thupi zatsopano zikadalowera, ndipo zimene zilimo ndi zomwe zija zinali m'mbewu. Chimene chimaonjezekadi ndi mavitamini a m'masamba obiriwira, ndipo chimenechi sindichipeputsa, ndidzabwererako. Mu 2003 bungwe la Meat & Livestock Australia, poona kuti oweta ambiri a dziko lachilala limenelo akukopeka ndi makinawa, linatuma akatswiri awiri, Roger Sneath ndi Felicity McIntosh, kuti asonkhanitse ndi kusanthula zofufuza zimene zinalipo; ndipo iwo anapeza kuti, tikawerengera chakudya chouma, msipu womeretsedwa umadula kawiri kufikira kasanu kuposa mbewu yomwe unachokeramo, ndiponso kuti m'mayeso ambiri ng'ombe zoudya sizinanenepe koposa zimene zinadya mbewuyo isanameretsedwe. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Tiyeni tibwere nazo kwathu, tiwerenge ndi thumba la makilogalamu 50 limene aliyense amalidziwa kulemera kwake pamutu ndi mtengo wake pamsika. Ng'ombe yamkaka yolemera makilogalamu 400 imafuna chakudya chouma pafupifupi makilogalamu 12 tsiku lililonse. Munthu atafuna kuikhutitsa ndi msipu wa m'mathireyi wokha, angafunike kuisenzera makilogalamu oyandikira 90 pa tsiku, ndiko kunena mbewu yokwana makilogalamu 15 kapena kuposa, ndipo thumba likadatha tsiku lachinayi lisanade. Zoona, palibe mlangizi wanzeru amene anganene kuti ng'ombe idye msipu umenewu wokha, popezanso chifu chake chimafuna udzu wokhwima woti ibzikule, ndipo chakudya chamadzi chokhachokha chimaitsegula m'mimba. Koma ngakhale titati tiipatse makilogalamu 15 okha pa tsiku ngati choonjezera, ndiye kuti tsiku lililonse tikunyika makilogalamu atatu a chimanga, pamwezi makilogalamu 90, pafupifupi matumba awiri. Pamene m'miyezi ya njala banja lathunthu limalandira thumba limodzi la thandizo kuti liwoloke nalo mwezi.

Apa ndiye pagona nkhani. Balere salimidwa kwathu kuno mwakuti mlimi wamba n'kumupeza pamsika wa pamudzi, tirigu wa ku Tsangano ndi ku Neno ndi wochepa, choncho mbewu imene ingalowe m'mathireyi athu ndi chimanga, ndipo chimanga m'dziko lino ndiwo moyo wa ana. Makolo athu anakhazikitsa dongosolo labwino, lakuti munthu adye ufa, chiweto chidye madeya. Njira yatsopanoyi ikutembenuza dongosolo limenelo, niika ng'ombe pa mbale imodzi ndi mwana. Ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti chaka chimene msipu umasowa koposa ndicho chaka chomwecho chimene chimanga chimakwera mtengo koposa, popeza mvula imene imakana udzu ndi yomweyo imene imakana mmera. Mu Malichi 2024, pamene ng'amba ya El Niño inapsereza minda, Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa tsoka. Ndifunse, ndi mlimi uti wa ku Chikwawa kapena ku Balaka amene chaka chimenecho akadatapa chimanga m'thumba tsiku ndi tsiku nakachinyikira ng'ombe, ana ali kuyang'ana?

Komabe kuli malo pa dziko lapansi kumene nzeru imeneyi inakhaladi dalitso, ndipo n'koyenera kuti tiwayang'anitsitse, kuti tizindikire chimene chinaiyeneretsa kumeneko. Kumwera chakumadzulo kwa Algeria, pafupi ndi mzinda wa Tindouf, kuli misasa ya anthu a mtundu wa Sahrawi, amene anathawa nkhondo ku Western Sahara kuyambira mu 1975, ndipo akhala m'chipululu chimenecho kufikira lero lino, ana kubadwira momwemo, nakula, nabala ana awonso. Dzikolo n'lamiyala ndi mchenga, mvula imagwa mwa kamodzikamodzi, ndipo nyengo yotentha kutentha kumafika madigiri 50. Anthuwa ndi oweta chibadwire, sakanatha kukhala opanda mbuzi ndi nkhosa. Koma posowa msipu ziwetozo zinkadya zotsala za m'mbale, makatoni, ngakhale mapulasitiki otayidwa, mkaka wake n'kukhala wochepa, tiana tambiri n'kumafa. Mmodzi wa othawa kwawowo, Taleb Brahim, amene anaphunzira za ulimi, anayamba kumeretsa balere wa m'dzikomo m'mathireyi, ndipo cha m'ma 2016 bungwe la World Food Programme linamugwira mkono, kotero kuti njirayo, itachepetsedwa mtengo pomangira zipangizo zopezeka pamalopo, inafalikira m'mabanja ambiri. Kumeneko munthu alibe munda woti abzalepo udzu, alibe mtsinje woti akamwete m'mbali mwake, madzi amabwera moyeza. Ndipo pamene kusankha kuli pakati pa msipu wa m'thireyi ndi katoni, thireyi lipambana popanda mlandu. Momwemonso oweta ena a m'mbali mwa mizinda ku Kenya, ndi a ku Goa m'dziko la India, kumene anameretsa chimanga chenichenicho, aiyesa njirayi chifukwa malo odyetsera anatha ndipo udzu ndi wogula. Nzeruyi imapulumutsa malo ndi madzi, nilipira ndi mbewu. Ndiye imayenera munthu amene malo ndi madzi zamuthera koma mbewu angathe kuipeza.

Kodi umphawi wathu ndi wa mtundu umenewo? Ife Mulungu anatipatsa miyezi inayi kapena isanu ya mvula, imene udzu umakula kupitirira msinkhu wa munthu m'madambo ndi m'mbali mwa misewu, ng'ombe zikudya n'kusiya. Ndipo udzu womwewo, umene ukadamwetedwa usanachite maluwa, nuumitsidwa pamthunzi, nusungidwa pa thandala lofolera, timausiya kuti ukhwime ndi kutha mphamvu, kufikira anyamata osaka mbewa atauyatsa moto mu Julayi. Mapesi timaotcha posossa, zotsalira za mtedza ndi nyemba, zimene zili chakudya chabwino koposa mapesi, timazisiya m'munda chiswe n'kudya. Kenaka Okutobala akafika tiyamba kudandaula ngati kuti chilimwe chabwera mosayembekezeka, chikhalirecho chimabwera chaka chilichonse pa nthawi yake. Yosefe ku Igupto sanapange tirigu watsopano m'zaka za njala. Anasunga wa m'zaka za dzinthu. Vuto lathu lalikulu ndi la kasungidwe, ndipo thireyi silisunga kanthu.

Ndikudziwa kuti wina wa ku Thyolo, ku Chiradzulu kapena ku Mulanje, kumene ng'ombe zamkaka zimakhala m'khola osatuluka ndipo munda wa banja ndi kachidutswa, adzati ndikulankhula ngati munthu wa ku Kasungu kumene malo akadalipo. Dandaulo lake n'lomveka, pakuti kumeneko amayi ndi ana amalawirira m'bandakucha kukamweta m'mphepete mwa mitsinje, ndipo mitolo ya udzu imayenda pa njinga ngati malonda ena onse. Koma ngakhale kumeneko, nsenjere yobzalidwa m'malire a munda ndi pa mizere yotchinga madzi, imene imatetezanso nthaka kuti isakokoloke, imadulidwa kangapo pa chaka kwa zaka zingapo chibzalire kamodzi. Lukina, gilisidiya ndi kaliyandira zimapatsa masamba obiriwira odzaza ndi zomanga thupi m'chilimwe momwe, mizu yake ili pansi patali. Nsenjere yochuluka ya m'dzinja ingathe kuduliridwa m'dzenje kapena m'matumba a pulasitiki nisanduka sayileji. Ndipo kumene kuli mitengo ya msangu, ng'ombe zimadzitolera zokha zipatso zake nthawi yomwe udzu watha. Zonsezi zimatenga dzuwa, mvula ndi nthaka, nizitulutsa chakudya chimene kunalibe. N'zochedwa, n'zosaoneka bwino pa chithunzi, ndipo palibe amene amalemera pozigulitsa. Mwina n'chifukwa chake sizilalikidwa ndi changu chofanana.

Palinso zoopsa zimene woyamba ntchitoyi ayenera kuuzidwa poyera, pakuti safunsa anadya phula. Mbewu yonyowa, younjikana pamalo ofunda, ndiwo malo amene nkhungu imakonda. Ndipo mwezi umene msipu umafunika koposa, Okutobala wa dzuwa loswa mtengo, ndiwo mwezi umene mathireyi amavunda msanga, fungo losasa n'kuyamba tsiku lachitatu, mizu n'kuda, timadontho tobiriwira kapena takuda n'kuoneka pakati pa mbewu. Madotolo a ziweto a ku Onderstepoort, ku South Africa, analemba kale mu 1984 za ng'ombe zimene zinanjenjemera, kufooka miyendo ndi kufa zitadya chimanga chomeretsedwa chimene chinagwidwa ndi nkhungu ya mtundu wa Aspergillus clavatus. Chuku chimene timachidziwa pa mtedza ndi pa chimanga chili ndi chiphe chimene ng'ombe ikadya chimatulukira m'mkaka, ndipo mkakawo ndi umene umapita ku gulu losonkhanitsa mkaka, nukathera m'kapu ya mwana. Thireyi lochita nkhungu liyenera kutayidwa lonse, osati kuchotsa pamwamba pokha, ndipo mathireyi onse ayenera kutsukidwa ndi madzi a klorini ndi kuyanikidwa padzuwa asanayalidwenso mbewu. Mapira asameretsedwe konse kuti adyetse ziweto, pakuti mmera wake wanthete uli ndi chiphe chopha msanga, ndipo a ku Chigwa cha Shire, kumene mapira ali pafupi ndi dzanja, ayenera kuchenjera koposa. Mbewu ya m'mapaketi yopakidwa utoto inakonzedwera nthaka, osati m'mimba mwa chiweto. Ndipo chimanga chofumbwa sichimera, chimangoola n'kuoletsa chinzake.

Za ntchito yake nazonso tisazibise. Kuti msipu upezeke tsiku lililonse, mathireyi ayenera kukhala magulu asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu, gulu limodzi likukololedwa, lina likuyalidwa, mbewu ina ili m'madzi. Ndi ntchito yosadziwa Sabata, ndipo pamudzi pakagwa zovuta, banja n'kuchoka masiku awiri kukakhuza maliro, lidzapeza mathireyi atauma kapena atavunda. Madziwo, ngakhale ali ochepa, ayenera kukhala oyera ngati akumwa, ndipo tonse tikudziwa mutu umene udzawasenze kuchokera ku mjigo.

Nanga tiitaye? Iyayi. Pali makola amene ingawathandize, ndipo ndi ang'onoang'ono. Mayi wa ku Ndirande kapena ku Chinsapo amene akuweta nkhuku zamazira kapena akalulu kuseri kwa nyumba, popanda ndi phazi limodzi lomwe la munda, angathe ndi mathireyi ochepa ndi mbewu ya m'mbale imodzi kupatsa ziweto zake chobiriwira tsiku ndi tsiku, ndipo adzaona dzira likufiira bwino mkati. Ng'ombe imene yabereka kumapeto kwa chilimwe, itatha miyezi ikudya mapesi okhaokha opanda tsamba lobiriwira, kapena thole lodwala limene lataya chilakolako cha kudya, zingapindule ndi kamtolo kakang'ono ka msipu wanthete kwa masabata angapo, chifukwa cha mavitamini aja ndi kukoma kwake kumene kumadzutsa mkamwa. Pamenepo mlimi akudziwa kuti akugula thanzi la chiweto ndi chimanga chowerengeka, kwa nthawi yowerengeka, ndipo sakudzinyenga kuti wachulukitsa chakudya kasanu ndi kawiri. Sayeneranso kutenga ngongole ya nyumba yamagetsi ndi mipope yowaza yokha. Nsungwi, udzu wofolera, mathireyi ochepa ndi botolo loboola chitsekerero n'zokwanira kuyesera.

Chimene ndipempha kwa akatswiri athu a ku Bunda, a ku Chitedze ndi a ku Mikolongwe n'chakuti ayese njirayi ndi chimanga chathu, m'kutentha kwathu, pa ng'ombe zimene zili m'makola a alimi athu, naiike pambali pa nsenjere, lukina ndi madeya, kenaka atiuze m'Chichewa chomveka mtengo wa lita imodzi ya mkaka pa njira iliyonse. Ndipo mabungwe amene amabwera ndi thandizo asagawe mathireyi m'midzi asanaone manambala amenewo. Inunso alimi anzanga, wogulitsa mathireyi akafika pakhomo panu mumulonjere mwaulemu, mumupatse mpando, kenaka mumufunse kuti ng'ombe imodzi idzatha matumba angati a chimanga kuyambira Ogasiti kufikira mvula itagwa, ndi kuti mkaka woonjezerekawo udzabweza ndalama zingati. Asanakuyankheni ndi manambala, musatulutse kwacha.